Musanaponde sinowo wa m'mapiri a ku Scotland: mmene mungadziwire ngati agumuka

Munthu amene anakwerapo Sapitwa akaona Ben Nevis koyamba amati kaphiri. Sapitwa ndi mamita 3,002, pomwe Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Britain, ndi mamita 1,345 okha. Inenso ndinkaganiza choncho nditangofika kuno. Koma pa 12 Malichi 2019 anthu atatu anafera pa phiri lomweli, m'chigwembe chotchedwa Number 5 Gully, sinowo atagumuka n'kuwakokolola. Mu Januwale 2013 anafa anthu anayi pa Bidean nam Bian ku Glencoe, ndipo mwezi wotsatira anafanso atatu pa Chalamain Gap ku Cairngorms. Masiku ano abale athu ambiri okhala ku Glasgow, Edinburgh ndi Aberdeen ayamba kukwera mapiri Loweruka, ena mpaka nthawi yozizira. Ndi inuyo amene ndikukulemberani.

Kwathu timadziwa napolo. Akuluakulu a ku Zomba amasimba za wa 1946, a ku Phalombe za wa 1991, ndipo tonse tinaona zimene zinachitika m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy. Sinowo akagumuka amachita chimodzimodzi, mbali ya phiri imangonyamuka. Kusiyana kwake n'koti napolo amakupeza uli m'nyumba, pomwe pa ngozi za sinowo pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zopha anthu, woyambitsa amakhala munthu yemwe wakwiriridwayo kapena mnzake wa m'gulu lomwelo. Phazi lako ndiye limadzutsa napolo ameneyu. Izi zikutanthauza kuti mbali yaikulu ya ngoziyi ili m'manja mwathu.

Chomwe chimagumuka n'chiyani

Sinowo wa m'phiri amakhala m'magawo, lina pamwamba pa linzake, gawo lililonse ndi nyengo yake: la tsiku limene kunagwa sinowo kopanda mphepo, la tsiku la mkuntho, la tsiku limene kunagwa mvula kenako n'kuundana. Ena amagwirana bwino, ena sagwirana.

Taganizani mutayala chimanga chotonola pa simenti yotsetsereka, n'kugonekapo chitseko. Chitsekocho chikhala phee mpaka mwana atachiponda. Ndi mmene zilili m'phiri. Chitseko ndi gawo lolimba lapamwamba, limene achingerezi amati slab. Chimanga ndi gawo lofooka lobisika pansi pake. Pakakhala kutsetsereka kokwanira ndi munthu woponda, zonse zakwana. Mng'alu umathamanga m'gawo lofookalo mofulumira kuposa mmene munthu angathamangire, ndipo chitseko chonse, chachikulu ngati bwalo la mpira nthawi zina, chimanyamuka inu muli pakati pake.

Ku Scotland wopanga zitseko zimenezi kwambiri ndi mphepo. Ikafika pa liwiro la mamailosi pafupifupi 15 pa ola imayamba kusesa sinowo mbali imene ikuchokera n'kukamuunjika kuseri kwa phiri, atasweka timibulu ting'onoting'ono togwirana gwa. Dzina lake pa malipoti mudzaona ndi windslab. Mphepo ya kuno imakonda kuchokera kummwera chakumadzulo, choncho mitsetse yoyang'ana kumpoto ndi kummawa ndiyo imalandira katunduyo kawirikawiri. Kumbukiraninso kuti kuno dzuwa limayenda chakummwera, ndiye mitsetse yoyang'ana kumpoto ndiyo imakhala mumthunzi, ndipo gawo lofooka limakhalitsa kumeneko osachira.

Choyamba: yambani Lolemba, muli kunyumba

Ngati ulendo ndi wa Loweruka, yambani kutsatira nyengo sabata ikamayamba. Bungwe la Scottish Avalanche Information Service, mwachidule SAIS, limatulutsa lipoti tsiku lililonse kuyambira chapakati pa Disembala mpaka chapakati pa Epulo, la madera asanu ndi limodzi: Lochaber, Glencoe, Creag Meagaidh, Northern Cairngorms, Southern Cairngorms ndi Torridon. Anthu ake amapita okha m'phiri kukakumba ndi kuyeza. Lipotilo ndi laulere pa intaneti. Pambali pake werengani za nyengo ya m'mapiri ku Mountain Weather Information Service (MWIS) kapena ku Met Office, bungwe la boma loona zanyengo. Musadalire zanyengo za m'tauni zimene foni imaonetsa.

Tsiku lililonse lembani pakapepala zinthu zitatu: kwagwa sinowo kapena mvula, mphepo ikuchokera kuti ndipo ndi yamphamvu bwanji, komanso madzi akuyamba kuundana pa mamita angati. Pofika Lachisanu mudzakhala mukudziwa nokha mbali ya phiri imene yasenza katundu.

Muyeso wa ngozi uli ndi masitepe asanu: Low, Moderate, Considerable, High ndi Very High. Anayi oyambawo mitundu yake ndi wobiriwira, wachikasu, wa lalanje ndi wofiira. Apa ndi pamene ambiri timapusitsika. Tikaona Considerable timati ndi yapakati, 3 mwa 5, ndiye bola. Chonsecho anthu ambiri amafa pa sitepe imeneyi, chifukwa pa High aliyense amachita mantha n'kukhala pakhomo, pomwe pa Considerable phiri limaoneka bwinobwino koma munthu mmodzi akhoza kugumula mtsetse. Ngati mukungoyamba kumene, tsiku la Considerable sankhani njira yopanda mtsetse waukulu pamwamba panu ndi pansi panu. Ngakhale pa Moderate anthu amakwiririka.

Musathere pa mtundu wokha. Lipoti la SAIS lili ndi chithunzi chozungulira ngati kampasi, chosonyeza mbali za phiri zimene zili zoopsa ndi kuyambira pa mamita angati. Pansi pake pali mawu ofotokoza. Werengani onse, kawiri.

Chachiwiri: yalani mapu

Sinowo wa mtundu wa slab amagumuka kwambiri pa mitsetse ya madigiri 30 mpaka 45. Pansi pa madigiri 30 sizichitikachitika, ndiye nambala yoti muisunge m'mutu ndi 30. Pa mapu a Ordnance Survey a 1:50,000, mzere uliwonse wokhuthala wosonyeza kukwera umaimira mamita 50. Ikani rula ya pakampasi: mizere yokhuthala ikakwana 6 mu sentimita imodzi, mwafika pa madigiri pafupifupi 30.

Tsatirani njira yanu ndi chala kuyambira poimika galimoto mpaka pamwamba, ndi pobwerera. Paliponse pamene njira ikudutsa mtsetse woterowo, woyang'ana mbali imene lipoti lachenjeza, zungulizani ndi pensulo. Zungulizaninso pamene mukudutsa m'munsi mwa mtsetse wotero, ngakhale inuyo mukuyenda pafulati. Pa Chalamain Gap njira imadutsa m'mpata wopapatiza pakati pa mitsetse iwiri, ndipo sinowo wogumuka pamwamba alibe kolowera koma kuunjikana mumpatamo. Malo otere, zigwembe, makwawa, m'mphepete mwa phompho kapena mwa nyanja, amasandutsa kugumuka kwakung'ono kukhala maliro.

Konzani njira ziwiri zina, imodzi yake ikhale yoyenda m'chigwa basi. Gwirizanani ola lobwerera. Mu Disembala kumawala maola pafupifupi 7 okha, ndipo anthu amadula njira kudutsa pamtsetse woipa chifukwa choopa mdima. Siyani uthenga kwa wina wotsala kunyumba wonena kumene mwapita ndi nthawi imene ayambe kuda nkhawa.

Chachitatu: zida

Kuwonjezera pa ice axe (nkhwangwa yokolera pa sinowo wolimba), crampons (mano achitsulo omangirira kunsi kwa nsapato), chipewa cholimba, tochi, mapu ndi kampasi, pali zida zitatu za ngoziyi: transceiver (kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro pa 457 kHz, kopezera munthu wokwiririka), probe (ndodo yopindika yotalika masentimita 240 kapena kuposa, yobayira sinowo pomusaka) ndi fosholo yachitsulo. Aliyense akhale ndi zake zonse zitatu. Transceiver imavalidwa pathupi mkati mwa jekete, kutali ndi foni, ndipo muziyesana musanachoke pagalimoto. Mudzaona anthu ambiri ku Scotland akuyenda opanda zimenezi. Ine ndimanyamula, ndipo sindipita pamtsetse wokayikitsa ndi munthu amene sangathe kundifukula. Zidazi siziletsa sinowo kugumuka, komanso kuno ambiri amafa chifukwa chowombetsedwa kumiyala, choncho musazione ngati chithumwa.

Chachinayi: panjira, maso, makutu ndi mapazi

Mukangotsika galimoto yambani kufananitsa zimene mukuona ndi zimene lipoti linanena. Yang'anani pamwamba pa mapiri. Mukaona ngati akufuka utsi woyera, ndi mphepo ikusamutsa sinowo, ndipo kumene utsiwo ukulowera ndi kumene chitseko chikukhuthala pa ola lomwelo, ngakhale kumwamba kuli mbee. Mukaona pamene pagumuka kale lero kapena dzulo, mzere wodukiza ngati wodulidwa ndi mpeni ndi zibuma zounjikana m'munsi, palibe umboni woposa umenewo. Mitsetse yonse yoyang'ana mbali yomweyo, pa msinkhu womwewo, muiyese yoopsa.

Yang'ananinso m'mphepete mwa misana ya phiri. Mphepo imamanga denga la sinowo lolendewera pamwamba pa phompho, lotchedwa cornice. Limaloza mbali imene sinowo waunjikidwa. Musayende pansi pake, ndipo mukakhala pamwamba talikirani m'mphepete, chifukwa limathyokera kumbuyo kwambiri kuposa pamene maso akuganizira.

Mapazi nawo amalankhula. Sinowo woseseredwa ndi mphepo n'kutsala wolimba, wokhala ndi mizeremizere, amakhala wokhazikika nthawi zambiri. Windslab amaoneka wosalala, woyera mosawala ngati choko, amalira kwichikwichi mukamaponda, nthawi zina amamveka ngati ng'oma yamphako. Mukaponda n'kuona ming'alu ikuthamanga kuchoka pa nsapato, kapena zibenthu zikusweka ngati matailosi n'kutsetsereka, mwapeza chitseko chija.

Pali phokoso lina limene simudzaliiwala. Tsiku lina mu Febuluwale tinali atatu tikulowera ku Coire an t-Sneachda, chigwa china cha ku Cairngorms, pamalo osatsetsereka kwenikweni. Mnzanga wakutsogolo ataponda tinangomva kuti fuu, chapansipansi, ngati thumba la ufa lagwa kuseri kwa khoma, ndipo pansi ponse pamene tinaima panatitimira pang'ono, mwina ngati kukhuthala kwa chala. Palibe chinagumuka, popeza panali pafulati. Gawo lofooka linali litaphwanyika pansi pathu, mpweya n'kutuluka. Tikanakhala pa madigiri 35 bwenzi nkhani ili ina. Tinadyera nkhomaliro pomwepo n'kubwerera, ndipo palibe anatsutsa.

Kutentha kukakwera mwadzidzidzi, kapena mvula ikagwa pa sinowo watsopano, ngozi imakwera msanga. Zizindikiro zake ndi timipira ta sinowo tikugubuduka tokha pamtsetse, madzi akudontha m'miyala, ndi miyendo kutitimira mpaka m'mawondo m'phala lonyowa. Sinowo wonyowa amayenda pang'onopang'ono koma ndi wolemera ngati konkire. Ku Coire an Lochain, ku Cairngorms, kuli thanthwe losalala lotchedwa Great Slab, kumene sinowo yense amatha kutsetsereka mpaka pamwala nyengo ikayamba kufunda. Komanso tsiku loyamba ndi lachiwiri mkuntho utangotha ndi oopsa kwambiri, ndipo ndi masiku omwewo amene kumawala bwino n'kumakopa anthu.

Chachisanu: kumbani muone

Kukumba dzenje kumakuphunzitsani zambiri, koma sankhani malo mwanzeru: kamtsetse kakang'ono, kopanda ngozi pamwamba ndi pansi, koyang'ana mbali imodzimodzi ndi mtsetse umene mukuukayikira, pa msinkhu wofanana nawo. Musakalowe pakati pa mtsetse woopsawo kuti mukauyeze.

Kumbani mpaka mita imodzi kapena mpaka mutafika pa sinowo wakale wolimba ngati mwala. Salazani khoma loyang'ana kumtunda ndi fosholo kuti likhale chilili. Kenako sisitani khomalo ndi gulovu kuchokera pamwamba kutsika. Magawo olimba amatsala otundumuka, ofooka amakumbika. Tsopano yesani kulimba kwa gawo lililonse pokankha mofatsa: chibakera chikulowa? Ngati ayi, zala zinayi? Chala chimodzi? Pensulo? Mpeni? Chimene mukusaka ndi kusiyana kwakukulu pakati pa magawo ogundana, makamaka lolimba pamwamba pa lofewa. Gawo lolowa pensulo yokha litakhala pa gawo lolowa chibakera, ndicho chitseko pa chimanga chija.

Tapani sinowo wa m'gawo lofewalo pa gulovu yakuda mumuyang'anitsitse. Yesani kuumba mpira. Akamakana kuumbika, akumayoyoka pakati pa zala ngati shuga, timibulu take tili ndi makona ndipo tikunyezimira, ameneyo ndi woipa. Amapangika kukazizira kwambiri kwa masiku angapo sinowo ali wochepa, pamene kutentha kukusiyana ndi digiri imodzi kapena kuposa pa masentimita 10 alionse, ndipo akakwiririka amatha milungu asanagwirane. Mukhozanso kupeza timibulu tozungulira ngati timatalala tofewa, kapena chisanu chonga nthenga chimene chinamera pamwamba usiku wopanda mitambo kenako n'kukwiriridwa. Zonsezi ndi zoterera.

Tsopano yesani ndi fosholo. Dulani mzati wa masentimita 30 m'lifupi ndi 30 kulowa mkati, womasuka mbali zonse zinayi. Gonekani fosholo pamwamba pake. Menyani ka 10 ndi zala, dzanja likugwa kuchokera pamfundo yake. Kenako ka 10 mkono ukugwa kuchokera pachigongono. Pomaliza ka 10 kuchokera paphewa. Maso akhale pakhoma la mzatiwo. Werengani kuti wathyoka pa kumenya kwachingati, koma chofunika kuposa nambala ndi kathyokedwe. Ukathyoka mwadzidzidzi, mosalala, chibenthu n'kutuluka chokha ngati dirowa ya tebulo, kapena n'kutitimira kamodzi n'kamodzi, pamenepo pali vuto. Ukamangophwanyika mosalongosoka, ndiye kuti magawo agwirana ndithu pamalo amenewo.

Kuyesa kwachiwiri kumaonetsa ngati mng'alu ungathamange. Dulani mzati wa masentimita 90 m'lifupi ndi 30 kulowa mkati, kumbuyo kwake mudule ndi chingwe kapena sowo. Ikani fosholo kumapeto kumodzi n'kumenya mwa dongosolo lomwe lija. Mng'alu ukadutsa kuchoka pansi pa fosholo mpaka kumapeto enawo nthawi imodzi, bwererani kapena sinthani njira.

Apa mundimvetse bwino, chifukwa ndi pamene anthu odziwa pang'ono amapwetekera. Dzenje likaonetsa zoipa, likhulupirireni. Likaonetsa zabwino, musalitenge ngati chilolezo. Mwayeza kachigawo kochepa ngati mphasa pa phiri lonse, ndipo ku Scotland mphepo imasiyanitsa sinowo kwambiri moti mamita 10 okha kuchoka pamene mwakumba zinthu zikhoza kukhala zina. Ngati lipoti lati Considerable kumpoto chakummawa, mwaona utsi woyera pamisana, ming'alu yathamanga pa nsapato, koma dzenje lanu lati zili bwino, olakwa ndi dzenjelo. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuyesa pang'onopang'ono kambirimbiri ndikuyenda: kubaya ndi chigwiriro cha ice axe kuti ndimve ngati pansi pali pofewa, kudula kachibenthu ndi dzanja n'kukoka, kudumphira pa kachitunda kakang'ono kopanda ngozi. Mukatha, kwirirani dzenjelo kuti wina asagweremo.

Chachisanu ndi chimodzi: pa malo amene munazunguliza aja

Imani musanafike, pamalo otetezeka, onse pamodzi. Yezani kutsetsereka. Ngati muli ndi ndodo ziwiri zofanana, imikani imodzi chilili, inayo muigoneke mopingasa kuchokera pamutu pa yoyambayo kuloza kumtunda. Ikakhudza sinowo, ndi madigiri 45. Ikakhudza mutaitsitsa pakati pa ndodo yoimayo, ndi pafupifupi 27. Pakati pa ziwirizi ndi pamene pali nkhani. Samalani kwambiri pamene mtsetse ukupindika ngati mimba, kuchoka pofatsa kuyamba kutsika kwambiri, chifukwa sinowo amakokeka pamenepo ndipo ndi pamene amakonda kung'ambikira.

Funsanani mokweza: ukagumuka, tikathera kuti? Ngati yankho ndi phompho, miyala kapena khwawa, kukayika pang'ono kokha n'kokwanira kuti musadutse. Msana wa phiri ndi mbali imene mphepo yasesa nthawi zambiri ndiyo njira yabwino, ngakhale ili yotalika ndi yozizira.

Ife tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula mwana satsutsa, ndipo mlendo satsogola. M'phiri khalidwe labwinoli likhoza kupha. Ndaonapo mlongo wina ataona ming'alu koma osanena, poti otsogolera anali bambo wachikulire amene wakwera mapiri zaka zambiri. Ananena titatsika kale. Gwirizanani musananyamuke kuti aliyense, ngakhale wobwera koyamba, akati sakumva bwino, gulu lonse liima. Chenjeraninso ndi mapazi a anthu ena. Kuti ena adutsa m'mawa sizikutanthauza kanthu, mphepo ikhoza kuunjika katundu watsopano pa maola awiri. Ndipo mafuta a galimoto amene mwawononga kuchokera ku Glasgow asakukakamizeni kufika pamwamba.

Ngati mwagwirizana zodutsa, dutsani mmodzimmodzi, ena akuyang'ana ali pamalo otetezeka. Tsekani jekete, chotsani zingwe za ndodo m'manja, musaime pakati kujambula, ndipo mukadikirane kutsidya pamalo amene sinowo wogumuka sangafike.

Chachisanu ndi chiwiri: zikavuta

Mukakokoloka, kuwani kuti anzanu akuoneni, tayani ndodo, yesetsani kuthawira m'mbali kapena kukola pansi polimba, ndipo limbanani kuti mukhale pamwamba. Mukamva kuti liwiro likuchepa, phimbani pakamwa ndi mkono kuti patsale mpata wa mpweya, chifukwa sinowo akaima amauma gwa, simungasunthe ngakhale chala.

Ngati wakwiririka ndi mnzanu, opulumutsa ndinu. Kafukufuku wa ku mapiri a Alps anaonetsa kuti mwa anthu ofukulidwa mkati mwa mphindi 15, pafupifupi 9 mwa 10 amakhala moyo, koma pofika mphindi 35 amatsala pafupifupi mmodzi mwa atatu. Gulu lopulumutsa silingafike nthawi imeneyo. Musachotse maso pa iye mpaka pamene wazimiririka, ndipo sungani malowo. Onetsetsani kuti pamwamba sipagumukanso. Mmodzi aimbe 999, apemphe Police kenako Mountain Rescue, ena onse atembenuze ma transceiver kuti ayambe kusaka. Yambirani pamene munamuona komaliza kutsika, mukuyang'ananso gulovu, ndodo kapena nsapato yotulukira. Nambala ya pa transceiver ikafika pochepetsetsa, bayani probe mozungulira, motalikana masentimita 25. Mukamugunda isiyeni pomwepo. Yambani kukumba chakumunsi kwa probe, pa mtunda wokwana kuya kwakeko kamodzi ndi theka, mukulowera cham'mbali, kuti musamupondere mpweya wake. Sinthanani pafupipafupi. Fikani kumutu choyamba, chotsani sinowo m'kamwa ndi m'mphuno, kenako mutetezeni ku kuzizira ndipo musamugwedeze mwamphamvu.

Zimenezi sizingaphunziridwe tsiku la ngozi, manja akunjenjemera. Ku Glenmore Lodge pafupi ndi Aviemore amaphunzitsa maphunziro a masiku ochepa a luso la m'mapiri nthawi yozizira, ndipo alangizi ovomerezeka aliponso ku Fort William ndi madera ena. Sonkhani ndalama ngati gulu mupite. Mukabwerako, tsiku lina la sinowo ikani transceiver yoyatsa m'chikwama, wina akaikwirire kuseri inu musakuona, ndipo muziyesana ndi wotchi mpaka aliyense azitha kuipeza ndi kuifukula mphindi 10 zisanakwane. Foni iliyonse ya m'gulu muilembetsenso ku 999 potumiza uthenga wa mawu oti register, kuti kumalo kumene netiweki ndi yofooka muthe kuitana thandizo pa meseji.